Ntchito ikatha, kodi foni ingamuphunzitse munthu ina?

Mu Malichi 2019, Standard Bank ya ku South Africa inalengeza kuti itseka nthambi zake 91 ndipo ntchito pafupifupi 1,200 zikhudzidwa. Bankiyo sinali pa mavuto a ndalama. Chinachitika n'chakuti makasitomala anasiya kukafola pa kauntala, anayamba kutumiza ndi kulandira ndalama pa foni. Anthu amene anatha zaka zambiri akuwerenga ndalama ndi kudinda masilipi sanalakwe chilichonse; ntchito yawo inangosamuka, iwo n'kutsala. Kuno kwathu zoterezi zikuchitika mwakachetechete. Ndalama zimene kale zinkayenda pa positi ofesi tsopano zikuyenda pa Airtel Money ndi Mpamba, ntchito ya utaipisi inatha osatsanzika, ndipo chitulukireni ChatGPT kumapeto kwa 2022, ngakhale olemba makalata a mu ofesi ndi omasulira mitima ili m'mwamba. Bungwe la World Economic Forum, litafunsa olemba anthu ntchito m'mayiko ambiri, linanena mu lipoti lake la 2025 kuti pofika 2030, maluso 39 pa 100 alionse amene anthu akudyera lero adzakhala atasintha kapena atatha ntchito. Amenewa ndi maganizo a mabwana, si ulosi wosaphonya, komabe kumene zinthu zikulowera kukuoneka. Ndipo munthu wa zaka 40 amene walandira kalata yomuchotsa ntchito, kapena amene akuona kuti ili m'njira, kulikonse kumene angapite amamva malangizo amodzimodzi: phunzirani zina, masiku ano zonse zili pa intaneti.

Malangizowa ali ndi choonadi, koma n'chosakwanira. N'zoona kuti munthu ali ku Mchinji angathe kumvera phunziro la pulofesa wa ku Boston osakwera ngakhale kabaza. Koma pa zonse zimene munthu wamkulu amafunikira kuti achoke pa ntchito yakufa n'kukafika pa ntchito ina, phunziro lenilenilo, mavidiyo ndi zowerenga zija, ndilo lotchipa kwambiri ndi losavuta kupereka. Intaneti inathetsa vuto la mtunda. Siinamupatse munthu nthawi, siinamupatse womufunsa akajomba, ndipo siinachititse wolemba ntchito kukhulupirira pepala limene sakulidziwa. Mfundo yanga ndi yakuti maphunziro a pa intaneti amathandiza munthu wamkulu pokhapokha ngati pali munthu weniweni amene akumutsatira, ngati akugwira ntchito ndi manja ake n'kumakonzedwa akalakwa, ndiponso ngati kumapeto kwake kuli wina amene akufunadi luso limenelo. Zimenezi ndi zodula, ndipo n'zimene ogawa ndalama amayamba kudula. Umboni wa zaka zoposa khumi ukusonyeza kuti akazidula, chotsalacho chimathandiza anthu amene anali kale pabwino.

Chiyembekezo chachikulu chinayamba mu 2011, pamene Sebastian Thrun ndi Peter Norvig anatsegula kosi yawo ya ku yunivesite ya Stanford kuti aliyense aphunzire ulere pa intaneti. Analembetsa anthu 160,000, ndipo pafupifupi 23,000 anamaliza. Chaka chotsatira kunabadwa mawebusaiti a makosi otere, Coursera, Udacity ndi edX, ndipo panali mawu ambiri akuti maphunziro apamwamba afika pa khomo la wosauka aliyense. Mu Januwale 2019, Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anasindikiza mu magazini ya Science zimene anapeza atawerengera anthu oposa 5.6 miliyoni amene analembetsa makosi a MIT ndi Harvard pa edX kuyambira 2012 mpaka 2018. Oposa theka la olembetsa sanatsegule n'komwe phunziro loyamba. M'chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018, omaliza anali 3 okha pa 100 alionse, ndipo chiwerengerochi sichinakwere pa zaka zonsezo ngakhale kuti akatswiri anayesetsa kukonza makosiwo. Ophunzira ochuluka ankachokera m'mayiko olemera. Kafukufuku wa yunivesite ya Pennsylvania wa 2013 anali atapeza kale kuti mwa ophunzira makosi ake pa Coursera, pafupifupi 80 pa 100 anali ndi digiri asanayambe.

Ena amayankha kuti chiwerengero cha omaliza n'chonamiza. Kulembetsa n'kungodina batani, ndipo ambiri amalowa kuti aone mutu umodzi umene akuufuna, akaupeza n'kumapita; munthu wotere sanalephere. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo Reich ndi mnzake anaonanso kuti mwa amene analipira kuti adzalandire satifiketi, omaliza anali 46 pa 100. Injiniya amene akufuna kudzikumbutsa chinthu chimodzi, kapena mphunzitsi amene akufuna njira yatsopano yofotokozera masamu, amapindula ndithu ndi makosi aulerewa, ndipo palibe chifukwa chowanyozera. Koma amene tikukamba pano si ameneyo. Tikukamba za munthu amene anasiya sukulu zaka 20 zapitazo, amene akufunika kuphunzira ntchito yathunthu kuti ana adye, ndipo kwa iye kulekera panjira n'kutaya ndalama ndi miyezi. Pa anthu otere, umboni suli wokoma. Mu 2013, yunivesite ya San José State ku California inayesa kuphunzitsa masamu oyambira kudzera pa Udacity. Oposa theka analephera, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa patangopita miyezi yowerengeka. Mu 2017, Eric Bettinger ndi anzake anafufuza ophunzira oposa 230,000 a pa yunivesite ina yaikulu ya ku America imene inkaphunzitsa makosi ofanana m'kalasi ndi pa intaneti. A pa intaneti anapeza malikisi otsika ndipo ambiri anasiya sukulu, koma amene anagwa kwambiri anali aja amene ankavutika kale. Ku Costa Rica, pa nthawi ya Covid-19, anthu ofuna ntchito anapatsidwa makosi a Coursera kwaulere. Ofufuza atawatsatira anapeza kuti omaliza anali ochepa, ndipo pa kupeza ntchito sipanaoneke kusintha kwenikweni.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyang'ana madzulo a munthu wotereyu. Tiyerekeze mayi amene anali kalaliki, tsopano akugulitsa kaunjika podikira kuti zinthu ziyende. Wafika pakhomo dzuwa litalowa, waphika, wasambitsa wamng'ono, wamvetsera homuweki ya wamkulu. Nthawi ya phunziro ndi 9 koloko usiku, atakhala pa mkeka, foni yong'aluka galasi ili m'manja, batire latsala pang'ono chifukwa magetsi anathima masana. Vidiyo ikuyenda n'kumaima, ndipo akudziwa kuti mphindi iliyonse ikudya bandulo imene anagula ndi ndalama ya ndiwo. Pa sabata yachitatu wafika pamene sakumva: mphunzitsi wa mu vidiyo watchula chinthu ngati kuti aliyense amachidziwa, iye sanachimvepo. Wabwereza kawiri, sizikulowa. Palibe womufunsa. Mawa lake kuli maliro kwa aneba, mkuja mwana wadwala malungo, ndipo sabata ikatha osatsegula foni, palibe aliyense padziko lapansi amene waona kuti iye kulibe. Umenewu si ulesi. M'kalasi, mphunzitsi amaona nkhope yosokonezeka, mnzako amakubwereka notsi, ndipo manyazi ojomba amakudzutsa ngakhale thupi likukana. Zinthu zazing'onozing'ono zimenezi ndi zimene zimagwira munthu, ndipo kosi ya pa intaneti yopanda munthu imazichotsa zonse pakamodzi. Ngakhale m'mayiko olemera a m'bungwe la OECD, kumene magetsi sathima, chifukwa chachikulu chimene akuluakulu amapereka cholepherera kuphunzira ndi kusowa nthawi, ndipo a maluso ochepa ndi amene amapezeka mwa apo ndi apo pa maphunziro oonjezera.

Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zinkadziwika intaneti isanabwere. Open University ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira ake oyamba, pafupifupi 25,000, mu 1971. Ambiri anali anthu apantchito ndi amayi apakhomo, ndipo sinkafunsa kuti munthu anakhoza bwanji ku sekondale. Maphunziro ankapita pa wailesi ndi wailesi ya kanema ya BBC komanso m'mabuku otumizidwa pa positi, koma msana wa zonsezo unali mphunzitsi woperekedwa kwa kagulu kochepa ka ophunzira, amene ankachonga ntchito yawo n'kulembapo ndemanga, kukumana nawo madzulo m'dera lawo, ndi kuwafunafuna akasowa. Ifenso mbiri imeneyi tili nayo. Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, pambuyo pake n'kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE imene makolo ambiri amaikumbuka. Maphunziro ankabwera m'timabuku ndi pa wailesi, komabe ophunzira ankasonkhana m'malo ophunzirira momwe munali aphunzitsi owayang'anira, ndipo malo amenewo ndi amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasandulika masukulu a sekondale oyendera a m'madera, ma CDSS a lero. Anthu anapatsidwa mwayi wophunzira ali kwawo, koma mapazi awo anawatengera kumene kunali mphunzitsi ndi anzawo.

Mapulogalamu a pa intaneti amene zikuwayendera masiku ano anangobwerera ku nzeru yomweyi. Western Governors University ya ku America, imene inayamba mu 1997 ndipo ophunzira ake ambiri ndi akuluakulu apantchito, imapatsa wophunzira aliyense mlangizi amene amalankhula naye pafupipafupi kuyambira tsiku loyamba mpaka kumaliza. Mu 2015, bungwe la Peer 2 Peer University linayamba ndi malaibulale a ku Chicago njira yosavuta kwambiri: anthu ochepa amene akuphunzira kosi imodzi ya pa intaneti amakumana mu laibulale kamodzi pa sabata, pamodzi ndi wotsogolera amene sachita kufunika kukhala katswiri wa phunzirolo. Njirayi inafikanso m'malaibulale a boma ku Kenya. Chitsanzo chapafupi chili ku Dowa. Ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, kuyambira 2010, mabungwe a Chijezuiti akhala akuphunzitsa maphunziro a ku yunivesite kudzera pa intaneti, poyamba mogwirizana ndi Regis University ya ku America. Aphunzitsi ali kutsidya la nyanja, koma mu msasamo muli chipinda cha makompyuta, nthawi yoikika yobwera, ndi anthu a pomwepo othandiza ophunzira. Anthu amene anataya chilichonse amamaliza madipuloma m'malo otere, pamene ena okhala ndi laputopu ndi intaneti ya m'nyumba amalekera pa sabata yachiwiri.

Mwina wina anganene kuti ntchito ya mlangiziyo ingagwiridwe ndi makina: uthenga wokumbutsa pa foni, kafomu kofunsa wophunzira kuti alembe tsiku ndi ola limene aziwerenga. Zimenezi zinayesedwa, ndipo pa magulu ang'onoang'ono zinkaoneka ngati zikuthandiza. Koma René Kizilcec ndi anzake ataziyesa pa ophunzira pafupifupi 250,000 m'makosi 247 a Harvard, MIT ndi Stanford, zotsatira zimene anasindikiza mu 2020 zinali zofooka kwambiri poyerekeza ndi zimene ankayembekezera. Zina zinkakweza khama kwa masabata ochepa oyambirira, kenako anthu n'kubwerera mwakale. Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chosabisika. Uthenga wa makina munthu amaufufuta osamva kanthu mumtima, koma munthu amene amakudziwa dzina, amene akudziwa kuti mwana wako anali m'chipatala ndipo wakuimbira kufunsa ngati watuluka, n'kovuta kumukhumudwitsa. Mapulogalamu atsopano a nzeru za makina angathandize pa mbali ina: amatha kufotokoza chinthu kachitatu osatopa, pakati pa usiku, ndipo kwa wophunzira wamanyazi chimenechi si chaching'ono. Koma amayankha munthu amene wawatsegula. Amene wataya mtima n'kuika foni pansi ndi amene tikumudera nkhawa.

Kukhala ndi womutsatira pakokha sikukwanira ngati wophunzirayo akungoonera. Telala wa pakhonde amene akuphunzitsa mnyamata samukhazika pambali mwezi wathunthu kuti azingopenya. Amamupatsa kansalu kotsala, mnyamatayo amasoka msoko wokhota, bwana amauphwasula n'kumuuza kuti ayambirenso, ndipo dzanja limaphunzira pa kuphwasulako. Maphunziro a pa intaneti ambiri alibe wophwasula msoko. Munthu amaonera vidiyo yofotokozedwa bwino, mutu n'kumagwedera, n'kumadziona ngati wadziwa, mpaka tsiku limene apatsidwa mabuku enieni a kampani kuti awalowetse mu Excel. Mu 2015, Kenneth Koedinger ndi anzake a ku Carnegie Mellon anafufuza ophunzira a kosi ina ya pa Coursera n'kupeza kuti kuchita zoyeserera ndi kuyankha mafunso kunkakweza kudziwa kwa munthu pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa kuonera mavidiyo kapena kuwerenga. Kafukufuku wina wa 2014, amene anaunika maulendo 6.9 miliyoni oonera mavidiyo pa edX, anapeza kuti anthu ambiri chidwi chimatha pakadutsa mphindi 6, kaya vidiyoyo ndi yaitali bwanji. Choncho kosi yabwino kwa munthu wamkulu imadziwika ndi kuchuluka kwa ntchito imene imamupatsa komanso kufulumira kwa yankho lomuuza pamene walakwa. Apa munthu wamkulu ali ndi mwayi umene wachinyamata alibe: wagwirapo ntchito, amadziwa mmene kasitomala wokwiya amaonekera ndi mmene ndalama zimasowera mu kabati, ndipo phunziro limene likumulola kugwiritsa ntchito zimene akudziwazo limalowa msanga.

Tifike pa nkhani imene ili yaikulu kuposa zonse, ya kumene maphunzirowo akupita. Mu 1990, kampani ya Levi Strauss inatseka fakitale yake ku San Antonio, m'chigawo cha Texas, ndipo anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi osoka zovala, anatsala manja lende. Magulu a mipingo ndi a m'madera a mu mzindawo anakhazikitsa Project QUEST mu 1992. Iwo sanayambe ndi funso lakuti tiphunzitse chiyani. Anayamba ndi kufunsa zipatala ndi makampani kuti ndi ntchito ziti za malipiro abwino zimene zikusowa anthu, kenako n'kutumiza anthu ku makoleji kukaphunzira zimenezo, makamaka za chipatala. Ankawalipirira fizi, kuwathandiza pa mayendedwe ndi posiya ana, ndipo sabata iliyonse ophunzira ankakumana ndi mlangizi wawo. Ofufuza atayerekeza amene analowa ndi amene sanalowe, osankhidwa mwa maere, anapeza kuti patatha zaka 9 olowawo ankalandira madola oposa 5,000 pa chaka kuposa anzawo. Lawrence Katz ndi anzake, ataunika mapulogalamu angapo a mtundu umenewu, kuphatikizapo Per Scholas ndi Year Up, anapeza malipiro okwera kuyambira 14 mpaka kupitirira 30 pa 100. Mapulogalamuwa sanali a pa intaneti, ndipo n'chifukwa chake ndawatchula: akusonyeza zimene zimasintha moyo wa munthu wosintha ntchito, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene chimabwera chokha munthu akalembetsa kosi pa foni.

Pali chinanso chimene ofuna ntchito amachidziwa bwino kuposa okonza maphunziro. Wolemba ntchito ali ndi mulu wa makalata pa tebulo, ndipo alibe njira yodziwira amene akunena zoona. Ku Johannesburg, ofufuza mogwirizana ndi bungwe la Harambee anayesa maluso a achinyamata ofuna ntchito pafupifupi 7,000. Ena anapatsidwa satifiketi yosonyeza zotsatira zawo, yokhala ndi chidindo cha mabungwe odziwika, kuti aziionetsa pofunsira ntchito. Sanaphunzitsidwe chatsopano chilichonse, komabe opeza ntchito anachuluka ndi anthu 5 pa 100 alionse, ndipo ndalama zimene ankapeza zinakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Luso analinalo kale; chimene chinkasowa ndi umboni umene bwana angaukhulupirire. Ku Poland, Susan Athey ndi Emil Palikot anafufuza mapulogalamu awiri othandiza amayi kulowa ntchito za makompyuta, ina yowapatsa mlangizi wa m'ntchitoyo, ina yowapatsa ntchito zonga zenizeni zoti adzaonetse pofunsira ntchito, ndipo onse awiri anakweza mwayi wolembedwa. Satifiketi yosindikiza pa pulinta kuchokera ku webusaiti imene bwana wa ku Kanengo sanaimvepo ilibe mphamvu imeneyi, ngakhale munthu ataikhetsera thukuta.

Chotsutsa champhamvu ndi cha ndalama. Ubwino wonse wa intaneti unali wakuti vidiyo imodzi ingaphunzitse anthu miliyoni. Mukaonjezera alangizi, ochonga, chipinda ndi thiransipoti, mwabwerera ku mtengo wa koleji. Yankho langa ndi lakuti tikuwerengera molakwika. Kosi yaulere imene yalembetsa anthu 1,000 n'kumaliza 30, ambiri mwa iwo okhala kale ndi digiri, ndi yotchipa pa wolembetsa aliyense, koma ndi yodula kwambiri pa munthu aliyense amene wapezadi ntchito, makamaka tikawerengera mabandulo ndi maola a 970 enawo. Ndiponso si zoona kuti palibe chopulumutsa. William Bowen ndi anzake anayesa kosi ya masamu a ziwerengero m'mayunivesite 6 a boma ku America, pamene ophunzira ankaphunzira pa kompyuta n'kukumana ndi mphunzitsi ola limodzi lokha pa sabata. Anakhoza mofanana ndi a m'kalasi, ndipo anathera nthawi yochepa. Yunivesite ya Georgia Tech ya ku Atlanta inayamba mu 2014 digiri yachiwiri ya sayansi ya makompyuta pa intaneti pa mtengo wa madola pafupifupi 7,000, kachigawo chabe ka mtengo wa pa sukulupo, yokhala ndi ochonga enieni ndi dzina lomwelo pa digiri. Ofunsira ambiri anali a zaka za m'ma 30, anthu apantchito amene sakanasiya mabanja kupita ku Atlanta. Makina akatenga ntchito yobwerezabwereza phunziro, nthawi ya mphunzitsi imatsalira pa zimene makina sangathe, ndipo kupulumutsa kwenikweni kuli pamenepo.

Chotsutsa china n'chowawa kuposa ichi, ndipo sindingachikane: maphunziro salenga ntchito. David McKenzie wa ku World Bank, ataunika mu 2017 kafukufuku wa maphunziro a ntchito m'mayiko osauka ndi apakatikati, anapeza kuti pa anthu 100 alionse opatsidwa maphunziro, osafika 3 ndi amene anapeza ntchito imene sakanaipeza popanda maphunzirowo. M'dziko ngati Malawi, momwe anthu ambiri amadalira ulimi ndi timabizinesi ndipo ntchito za pamwezi ndi zowerengeka, kuphunzitsa anthu masauzande luso limodzi lotchuka kungathe kungochulukitsa oima pa geti. Si chilungamo kuuza munthu amene wachotsedwa ntchito kuti vuto ndi iyeyo chifukwa sanadzikonze, pamene chuma chenichenicho sichikulemba anthu. Koma mfundo imeneyi ikulimbikitsa zimene ndanena kale. Ntchito zikakhala zochepa, m'pamene kuyambira kwa wolemba ntchito kumafunika kwambiri. Ndipo kwa munthu amene adzadzilemba yekha, wolemba ntchito wake ndi kasitomala: wokonza mafoni, woika sola, wosunga mabuku a magulu a banki m'khonde ndi makopaletivu ayenera kudziwa asanayambe kuti m'dera lake alipo olipira ntchito imeneyo, ndipo kosi yake iyenera kumufikitsa pa kasitomala woyamba.

Maboma ena anaganiza kuti njira yachidule n'kupatsa munthu aliyense ndalama kuti adzisankhire yekha kosi. Singapore imapatsa nzika zake za zaka 25 kupita m'tsogolo ndalama zoyambira zokwana madola 500 a kumeneko kudzera mu SkillsFuture, ndipo mu 2024 inaonjezera 4,000 kwa a zaka 40 kupita m'tsogolo. Koma pamene kuyang'anira kuli kofooka, ndalama zotere zimaitana akamberembere. Britain inayamba ndondomeko yofanana mu 2000 n'kuitseka kumapeto kwa 2001 chifukwa cha chinyengo, ndipo France inachita kukhazikitsa lamulo mu Disembala 2022 loletsa makampani kuimbira anthu mafoni kuwanyengerera kuti agwiritse ntchito ndalama zawo za maphunziro. Munthu amene wangotaya ntchito, ali ndi kandalama ka penshoni m'manja ndi mantha mumtima, ndi amene amakodwa msanga. Kwa Mmalawi, makosi olipira m'madola analemera koposa kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Asanatulutse ndalama, munthu ali ndi ufulu wofunsa kuti ntchito yake adzachonga ndani, akakakamira adzaimbira ndani, ndi angati mwa amene anayamba chaka chatha anamaliza ndipo ali kuti tsopano, komanso ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi National Council for Higher Education kapena TEVETA. Sukulu yochita zoona mafunso amenewa imayankha osazengereza.

Katundu yense sangakhale pa mutu wa wophunzira. Banki kapena fakitale imene ikudziwa kuti pakatha zaka ziwiri ntchito zina zidzatha imadziwa zimenezi kale kuposa antchito ake, ndipo nthawi yabwino yophunzitsa munthu ndi pamene akadali pa malipiro, maola ena a phunziro akuchotsedwa pa nthawi ya ntchito osati pa tulo take. Amayi amafunika kuwaganizira mwapadera. Kafukufuku wa Yoonyoung Cho ndi anzake pa achinyamata a m'Malawi amene ankaphunzira ntchito zamanja kudzera ku TEVETA anapeza kuti atsikana ankasiya kawirikawiri chifukwa cha udindo wa pakhomo, matenda ndi mtunda. Intaneti imachepetsa mtunda, koma ikamusiya mayi m'nyumba momwemo mmene aliyense akumuitana, yamuonjezera mtolo. Kwa iye, maola awiri pa sabata m'chipinda china, kutali ndi mbaula, angakhale kusiyana kwa kumaliza ndi kusiya.

Zipinda zoterezi sitikuchita kufunika kumanga zatsopano. Nthambi za National Library Service zilipo, malo osulira aphunzitsi, ma TDC, ali m'mazoni m'dziko lonse, makoleji a ntchito zamanja a m'madera alipo, ndipo maholo a mipingo ndi mizikiti amakhala otseka masiku ambiri a sabata. Chofunika ndi sola yoti magetsi asadalire ESCOM yokha, intaneti imodzi yogawana, maphunziro otheka kuwatsitsa pa foni kuti munthu akawerenge kunyumba popanda bandulo, ndi kufotokozera m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pamene Chingerezi cha mu vidiyo chathamanga. Pamwamba pa zonsezi pamafunika munthu wolipidwa mwezi ndi mwezi, amene ali ndi kaundula wa mayina ndi manambala a foni, amene amadziwa mabwana a m'tauni yapafupi ndipo angawatengere ophunzira ake. M'mabajeti a mapulojekiti, makompyuta amapeza ndalama mosavuta chifukwa amajambulika pa tsiku lotsegulira, pamene malipiro a munthu ameneyu amalembedwa kwa chaka chimodzi kapena amasiyidwa kwa ongodzipereka. Unduna, bungwe kapena kampani imene ikufuna kuphunzitsa akuluakulu pa intaneti iyambe yapeza malipiro ake a zaka zitatu, ndipo ngati ndalama zatsala pang'ono, igule makompyuta ochepa.